Madzi Osambitsa Ababa

Chaka chimene ababa anadwala sitiroko ndinkagwira ntchito yokolopa pabwalo la ndege ku Chileka. Foni inkakhala m'thumba la yunifomu, ndipo ikangonjenjemera mtima unkalumpha. Ndinkakolopa ndi dzanja limodzi, lina lili pathumba. Ndege yochokera ku Joni ikatera ndinkapeza chifukwa chokolopera pafupi ndi khomo lotulukira anthu, n'kumayang'ana nkhope iliyonse ngati achimwene anga angatulukire pamenepo. Ndinkadziwa bwinobwino kuti achimwene anapita pa basi ndipo akadzabwera adzabweranso pa basi, koma maso sankamva zimenezo.

Ababa anali ku Lirangwe, kumudzi kwa malemu amayi, kumene anakhala chikamwini zaka zambiri mpaka anthu anaiwala zoti kwawo ndi ku Mdeka. Anali mphunzitsi wopuma ndiponso mkulu wa mpingo kutchalitchi chathu cha mishoni, munthu woti ngakhale popita kumunda ankapisira shati. Ine ndinali ndisanaonepo ngakhale bondo lawo. Ndili wamng'ono ankanditcha amayi awo, chifukwa dzina langa ndi la agogo amene anawabereka, ndipo ndi iwo anasankha kuti ndipatsidwe dzinalo. Ankandinyamula paphewa n'kumauza anthu kuti asenza amayi awo. Nditatha msinkhu zonsezo zinatha. Anayamba kundilankhula ali chapatali, mawu ochepa, monga mmene bambo amachitira ndi mwana wamkazi wamkulu.

Sitiroko inawaumitsa mbali yakumanja. Titatuluka nawo m'chipatala kulankhula kunabwerera, mopotoka pang'ono, mutu ukugwira bwinobwino, ukali wawo wonse ulipo. Zophika ndi kuwadyetsa ankachita amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu amayi, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Kusambitsa inali ntchito ya msuweni wanga, mwana wa mlongo wawo wa ababa, amene ankachita kabaza ku Mdeka. Iyeyo ndiye anali woyenera. Kwathu mwana wamkazi saona thupi la bambo ake, amati ndi malaulo, ndipo mlamu nayenso sangayerekeze. Msuweniyo ankabwera akapeza mpata. Kenako tinangomva kuti wagulitsa njinga, wadutsa pa Mwanza, nayenso wapita ku Joni, osatsanzika.

Ndiye tinapeza njira yathu. Tinkaika beseni la madzi ofunda pampando pafupi ndi bedi, kuwapatsa kansalu m'dzanja lamanzere, n'kutuluka, kutseka chitseko. Pakapita kanthawi ndinkagogoda.

"Mwatha, ababa?"

"Ndatha."

Madzi ankatuluka oyera ngati mmene analowera, ine n'kumati ababa ndi munthu waukhondo. Zina ankadzithandiza okha ndi chitini chimene chinkakhala pansi pa bedi. Zikawakanika sankanena, ankangoti tiwasiyire nsalu ina pafupi.

Ine ndinkakhala m'kanyumba ka lendi ku Chileka. Ndikapeza ofu ndinkakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kukweranso ina yodutsa pa Lunzu. Minibasi ya Lirangwe sinyamuka isanadzaze, ndipo ndinkakangana ndi makondakitala ngati ndi iwo anadwalitsa ababa. Ndikafika kumudzi mtima unkakhala kuntchito, ndikabwerera kuntchito mtima unkatsala kumudzi. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene amaidziwa Lirangwe akudziwa mmene malata amaotchera nthawi imeneyo.

Fungo linayamba pang'onopang'ono. Amayi a kumpingo kwathu anabwera tsiku lawo atavala mabulauzi oyera, atanyamula shuga ndi sopo. Amayi aang'ono anali atawaveka ababa shati yosita pamwamba pa vesiti, bulangete lili mpaka pachifuwa. Anaimba, anapemphera, ababa nawo anayankha ameni mwamphamvu. Potuluka, mayi wina wachikulire anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti mwina khoswe wafera kudenga. Ndinamukhulupirira. Ndinakwera patebulo ndi tsache, kufufuza pakati pa malata ndi khoma, kusuntha kabati, kutulutsa matumba a chimanga panja. Ababa anagona chagada akundiyang'ana ndikusaka khosweyo, osanena kanthu. Khoswe sanapezeke. Ndinagula mankhwala onunkhira opopera m'nyumba, fungo n'kukhala awiri.

Masisitere a Katolika a m'dera lathu tinkangowaona. Ife a mishoni ndi iwo zinkathera pa moni. Tinkadziwa kuti amaphikira phala ana amasiye, amayendera odwala m'midzi, ndiponso kuti ali ndi kanyumba kosungiramo okalamba. Mmodzi ankadziwika ndi aliyense chifukwa cha njinga yamoto: wamfupi, wa mawu osasa, chipewa cha njinga atachivala pamwamba pa nsalu ya kumutu, kabokosi atakamangirira kumbuyo ndi mphira. Tsiku lina nditatsika minibasi ndinawaona akuthiritsa petulo wa m'botolo pamsika. Sindinaganize kawiri. Ndinawathamangira, jumbo ya buledi ili m'manja, n'kuwauza zonse mosakonzekera, ngakhale za khoswe. Anandimvetsera akutseka thanki, kenako anati ndikwere kumbuyo.

Ababa atangoona nsalu ya kumutu ija pakhomo la chipinda anakwinya nkhope.

"Aroma m'nyumba mwanga? Ine ndinabatizidwa kalekale, mayi."

"Madzi ndikufuna inewa si obatizira, abambo. Ndi amchere, otsukira chilonda."

"Chilonda chake chiti?"

"Chimene ndachimva ndili pakhonde."

Ababa anatembenuzira maso kukhoma. Asisitere anandituma kuwiritsa madzi ndi mchere, ndipo nditabweretsa ananditulutsa. Ndinkangozungulira pabwalo, kuchoka pamtengo wa mango kufika pakhitchini n'kubwereranso. Ndinamva ababa akubuula kamodzi. Kenako asisitere anandiitana.

Anali atawagoneka chammbali, nkhope kukhoma, thupi lonse atalifunditsa chitenje cha malemu amayi. Anangosiya malo ochepa m'munsi mwa msana. Pamenepo panali chilonda chachikulu ngati kukamwa kwa kapu, chakuda m'mbali, chozama. Ndinachita mantha, kenako ndinapsa mtima, ndipo mkwiyowo ndi umene unatuluka.

"Ababa, mwandisiya ndikukwera patebulo ngati wamisala, inu mukudziwa?"

Asisitere ananditulutsanso, n'kundipeza pakhonde akuvula magolovesi. Anandifotokozera kuti chilondacho chimabwera munthu akagonera malo amodzi nthawi yaitali, kuti chimafuna kutsukidwa tsiku lililonse, thupi lonse kusambitsidwa ndi kuumitsidwa, ndiponso wodwala kutembenuzidwa pafupipafupi. Anati chikalowa m'magazi chimapha. Mawu amenewa ananena mosazungulira.

Ine yankho ndinali nalo kale. Ndinawapempha kuti awatenge ababa kukanyumba kawo ka okalamba.

"Mabedi athu ndi ochepa, achemwali, ndipo amene agonapo alibe ngakhale wowatungira madzi. Bambo anu ali ndi inu."

"Ine ndine mwana wamkazi. Inu si Mmalawi kodi? Simudziwa?"

"Ndikudziwa. Kwathunso n'chimodzimodzi."

"Ndiye muzibwera inuyo. Inu akulolani."

"Andilola chifukwa ndine mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Ndili ndi midzi mpaka ku Mdeka uko, njinga ndi imodzi yomweyi. Kuno ndizifika Lachiwiri. Nanga Lachitatu awasambitsa ndani? Ntchito yathu ndi kuphunzitsa manja a pakhomo."

Ndinawafunsa kuti chifundo chawo chotchuka chija chili pati. Ndinanenanso zina zokhudza njinga yawo ndi nsalu yawo ya kumutu. Iwo anangodikira kuti ndimalize, kenako analoza thumba la chimanga limene ndinalitulutsa posaka khoswe, n'kundituma kukatenga chitenje china. Analifunditsa thumbalo. Anandionetsa mmene dzanja limalowera pansi pa chitenje ndi kansalu konyowa maso ali kwina, mmene umavundukulira pachilonda pokha, mmene umagwirira paphewa ndi pachiuno potembenuza munthu osamukoka. Anandichititsa mobwerezabwereza. Ndinasambitsa thumba la chimanga masana dzuwa likuswa mtengo, ndili ndi mkwiyo, amayi aang'ono ataima pakhomo pawo atagwira pakamwa.

Njinga itangochoka amayi aang'ono anabwera. Anati kutembenuza angathandize, alamu awo atavala, koma zosambitsazo ndisayerekeze. Anati anaonapo mtsikana amene anachita zimenezo ndipo mutu sunagwirenso. Ndinawafunsa dzina la mtsikanayo, iwo anati zimenezo si zofunsa. Madzulo ndinalowa kwa ababa kukawauza zimene asisitere anena. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Iwe, bola ndife. Wamva? Bola ndife."

Sabata imeneyo ndinasaka mwamuna ngati ndikufuna banja. Ndinatchula akulu a mpingo anzawo, ababa anakana, anati anthu amene amakhala nawo kutsogolo m'tchalitchi asawaone chonchi. Ndinapeza bambo wina wamaganyu. Anabwera kamodzi, anawakoka ngati mtolo wa nkhuni, ababa anamuthamangitsa ndi ndodo ya m'dzanja lamanzere. Ndinaimbira achimwene ku Joni ndili kuseri kwa chimbudzi cha kuntchito.

"Pirira pang'ono, sisi. Ndikatuluka pano kubwereranso n'kovuta. Disembala ndili konko."

"Disembala mudzapeza manda, achimwene."

Ndinadula foni, ndinatenga burashi, ndinalowa kukatsuka zimbudzi. Ndinkatsuka zonyansa za anthu ochokera kumayiko amene sindidzawaona, anthu osandipatsa ngakhale moni, n'kumaganiza za msana wa ababa. Anzanga ankati ndawonda. Mmodzi anandisinthira mashifiti kuti ndizigona ku Lirangwe n'kumalawirira m'mamawa. Chimene ababa anandilola chinali chimodzi: kuthira madzi amchere pachilonda pokha, iwo atagwira okha chitenje ndi dzanja lamanzere, mwamphamvu ngati ndiwalanda. Kwina konse kunali kotseka. Beseni linkatulukabe ndi madzi oyera.

Lachiwiri asisitere anabwera monga ananenera. Ndinali nditapempha ofu. Anakhalitsa m'chipindamo kuposa poyamba, ndipo atandiitana sanandionetse kanthu. Anati thupi latentha, chilonda chakula, ndipo china chayamba pachiuno chifukwa cha chinyontho. Anatulutsa mankhwala akumwa m'kabokosi kaja n'kundiuza kamwedwe kake. Anati kutenthako kukapitirira ndithamange nawo kuchipatala, koma ndidziwe kuti nakonso adzafunsa woyang'anira wodwala, ndipo woyang'anirayo ndi ine ndemwe. Kenako anakhala pampando uja wa beseni n'kuyang'ana ababa.

"Abambo, inu ndi mphunzitsi, sindikubisirani. Mankhwala sasambitsa munthu. Ine ndibweranso Lachiwiri, kaya ndidzakupezani, kaya sindidzakupezani. Mwana wanu ndamuphunzitsa, manja ake ndi abwino kuposa anga. Zotsalazo ndi zanu."

"Mayi, inu mulibe mwana," anatero ababa. "Simungamvetse."

"Ndilibe. Koma bambo ndinali nawo."

Asisitere anasiya magolovesi, thonje ndi paketi ya mchere pawindo, n'kupita kukaliza njinga. Ndinawaperekeza ndi maso mpaka fumbi litathera pamilambe ya kumsewu, ndipo ndinkawada. Ndinkaona ngati munthu amene angathe kupulumutsa ababa wakwera njinga n'kupita kukaphikira ana phala.

Lachitatu m'mamawa ndinatereka madzi. Ndinali nditavala kale yunifomu. Ndinathira m'beseni, kuyesa ndi chigongono monga anandiphunzitsira asisitere, kutenga chitenje cha amayi, n'kulowa osagogoda. M'chipindamo munali fungo lija. Ababa anali maso, milomo itauma.

"Tuluka."

Ndinaika beseni pansi mpaka madzi anatayikira. Ndinawauza kuti ndimatsuka zimbudzi za anthu osawadziwa tsiku lililonse ndipo mutu wanga ukugwirabe. Ndinawauza kuti mwana wawo wamwamuna sabwera, mphwawo sabwera, ndipo wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Ndinawauza kuti amayi ndinawaika kale m'manda ndipo sindikufuna kuikanso munthu chifukwa cha manyazi. Ndinkalankhula mokuwa, ndikulira, mawu amene sindinawalankhulepo kwa ababa chibadwire. Anandisiya mpaka nditamaliza.

"Ndati tuluka."

Ndinatuluka. Ndinakhala pakhonde, ndinaimirira, ndinapita kumsewu, ndinabwerera. Minibasi yanga inadutsa ikuliza hutala, kondakitala akundikodola, ine n'kumupukusira mutu. Ndinatumiza uthenga kuntchito kuti sindibwera. Amayi aang'ono ankasesa pabwalo pawo pamalo amodzimodzi. Ndinaterekanso madzi ena osadziwa kuti ndi a chiyani, anawira, ndinawaphula, anazizira. Dzuwa linakwera, malata anayamba kulira. Kumwamba kunadutsa ndege yopita kukatera ku Chileka, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinaiyang'ane.

Kenako ndinamva ndodo ikugogoda pakhoma. Ndinaima pakhomo la chipinda. Ababa anali atadzikankha okha mpaka nkhope inayang'ana kukhoma. Ankapuma movutikira chifukwa cha ntchito imeneyo. Analankhula pang'onopang'ono kuti mawu asapotoke.

"Dzina uli naloli ndinakupatsa ndine. Ndi la amayi anga. Ukudziwa?"

"Ndikudziwa, ababa."

"Amayi anandisambitsa ndili wamng'ono. Palibe ananena kuti ndi malaulo."

Ine ndinangoima pakhomopo.

"Lowani, amayi. Madzi azizira."

Ndinathamangira kukhitchini kukatenga ofunda. Amayi aang'ono anali atamva zonse ali pawindo. Anangondithandiza kunyamula ndowa mpaka pakhomo n'kubwerera.

Ndinawafunditsa chitenje, ndinavula vesiti pansi pake, ndinalowetsa dzanja. Thumba la chimanga linali lonenepa. Ababa anali mafupa okhaokha, nthiti zikuwerengeka pansi pa kansalu. Maso anga anali pakalendala ya pakhoma, awo anali otseka. Ndinayamba m'khosi, mapewa, m'khwapa, kutsika. Madzi anada, ndinataya, ndinatunga ena, anadanso. Ndikafika pamalo opweteka ankati, "Pang'onopang'ono, amayi," ine n'kumayankha kuti tatsala pang'ono, mwanangu. Mawu amenewo anangotuluka okha. Ndinatsuka zilonda ziwiri zija ndi madzi amchere, ndinaumitsa, ndinaika thonje, ndinasintha nsalu zogonera mbali imodzi kenako inayo, monga anandionetsera asisitere pakhonde.

Nditamaliza ndinatulutsa beseni n'kukataya madzi kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pansi pomwepo. Pasanapite nthawi ndodo inagogodanso.

"Iwe! Tiyi wanga ali kuti?"

Ndinaseka ndekha kuseriko misozi ili m'maso. Kuyambira tsiku limenelo zinakhala choncho. Beseni likalowa ndinali amayi, ankandipatsa ulemu wonse. Beseni likatuluka ndinali iwe, wochedwetsa tiyi, wosadziwa kusita kolala. Ndinkawasambitsa ndisanapite kuntchito, amayi aang'ono n'kumawatembenuza masana, ndikaweruka n'kudzaonanso zilonda. Mtima sunakhazikike msanga ayi. Thupi lawo linkatenthabe masiku oyamba, ndipo ndinkakolopa dzanja lili pathumba ngati kale. Koma pofika Lamlungu anadya phala lonse n'kufunsa ngati mvula yayamba ku Mdeka.

Lachiwiri ndinamva njinga ikubwera chapatali. Sindinapite kukawachingamira, mkwiyo unali usanathe wonse. Asisitere anaima pakhonde, anavula chipewa cha njinga, anakoka mpweya ndi mphuno kawiri, n'kulowa. Nthawi ino sananditulutse. Anavundukula pachilonda, anayang'anitsitsa, anadina m'mbali ndi chala. Kuda kuja kunali kutachoka, m'kati munayamba kufiira. Anagwira ababa pamphumi. Kenako anawafunditsa bwino n'kuwafunsa.

"Wakusambitsani ndani, abambo?"

Ababa anayang'ana kukhoma.

"Amayi anga."

Asisitere anatembenuka n'kundiyang'ana ndili pakhomo, chitenje cha malemu amayi chili paphewa. Anangoti, "Amayi, tandipatseni madzi ndisambe m'manja," ine n'kupita kukatunga.